Kamera yoonera nyama pa famu ya ulenje ku Limpopo: ndisankhe yotani?

Funso: Ndimagwira ntchito pa famu ya nyama zakutchire kufupi ndi Alldays, ku Limpopo. Bwana akufuna kugula makamera omangirira pamtengo kuti tizidziwa kumene ngoma zazimuna, njiri ndi nguluwe zikuyenda alenje asanayambe kubwera mu Meyi. Andiuza kuti ndifufuze ndine, poti ndine ndiziwayendera. M'sitolo ndaona ena olembedwa 20MP, ena 32MP, ena akuti amatumiza zithunzi pafoni. Ndisankhe ati?

Yankho: Achimwene, manambala a MP aja (ma megapixel, kutanthauza mamiliyoni a timadontho topanga chithunzi) asakutengeni mtima. Makamera ambiri a mtundu umenewu, amene m'masitolo amawatcha trail camera, ali ndi kachipangizo kojambulira kakang'ono, ka ma megapixel apakati pa 2 ndi 5 basi. Nambala ya 20 kapena 32 imabwera chifukwa kakompyuta ka m'katimo kamafutukula chithunzi n'kudzaza mipata ndi timadontho tongopeka. Chithunzicho chimakula, chimadya malo ambiri pa memori khadi, koma nyanga ya ngoma imene yatuluka mwachimbuuzi imakhalabe yachimbuuzi. Opanga amadziwa kuti nambala yaikulu imakopa wogula, n'chifukwa chake amailemba kutsogolo kwa bokosi, zinthu zofunika zenizeni n'kuzikankhira kumbuyo m'tizilembo tating'ono.

Musanalowenso m'sitolo, khalani pansi ndi bwana mugwirizane kuti kamera iliyonse ikamangidwa pati ndipo mukufuna ikakuuzeni chiyani. Ya pomwera madzi, ya pa mkwaso wodutsa m'tsanya ndi ya pa dzenje limene njiri zakumba pansi pa waya, ntchito zake n'zosiyana. Malo ndi amene akuuzeni kamera yogula.

Mtima wa kamera yotereyi ndi sensa imene imaidzutsa. Nthawi zonse kamera imakhala mtulo posunga batire, ndipo imadzuka sensa ija ikamva kuti chinthu cha kutentha kosiyana ndi malo ozungulira chasuntha patsogolo pake. Pabokosi amailemba kuti PIR. Kapulasitiki kakuda kapena kotuwa kamene kali pansi pa diso la kamera kamagawa malo a kutsogolo m'timizere, ndipo sensa imamva bwino nyama ikamadutsa chopingasa, kuchoka mu mzere wina kulowa wina. Nyama yobwera molunjika kamera imachedwa kumveka, nthawi zina mpaka itafika pafupi kwambiri. Choncho pa mkwaso musaloze kamera molunjika mmene njira yalowera, komanso musaiike chopingasa ndendende, chifukwa nyama yothamanga idzangokusiyirani mchira. Ilozeni chapambali, pafupifupi madigiri 45, kuti nyama ikhale nthawi yotalikirapo m'diso la kamera.

Kwanu kumeneko kutentha kumalowererapo kwambiri. Mu Juni ndi Julayi, usiku ndi m'mawa kukazizira, thupi la nswala limasiyana kwambiri ndi tchire, ndipo ngakhale kamera yotchipa imamva patali. Kufika Okutobala, dera la Alldays ndi Musina likamayandikira madigiri 40, nthaka ndi miyala zimatentha ngati khungu la nyamayo kapena kuposa, ndipo masana kamera yomweyo imatha kuphonya ngoma yodutsa mamita 10 okha. Vuto lina n'losemphana ndi limeneli: udzu wotenthedwa ndi dzuwa ukamagwedezeka ndi mphepo, sensa imayesa nyama. Ofufuza a Snapshot Serengeti ku Tanzania anatchera makamera 225 kuyambira mu 2010, ndipo pofika mu 2013 anali atasonkhanitsa magulu a zithunzi okwana 1.2 miliyoni. Amene munali nyama anali pafupifupi 323,000 okha, otsalawo kamera inanamizidwa ndi udzu ndi kutentha. Ngati zinawachitikira akatswiri, inunso zikupezani. Gulani kamera imene imalola kusintha mphamvu ya sensa, kuti muzikweza nthawi yotentha n'kutsitsa pamalo a mphepo. Nyamulani chikwanje pokatchera, mulambule udzu ndi tinthambi mamita angapo kutsogolo kwa kamera.

Pa nkhani ya dzuwa samalani ndi malangizo a pa YouTube. Ambiri amene amawapereka ndi alenje a ku America, ndipo amati kamera iziyang'ana kumpoto. Kwawo n'zoona. Inu muli kummwera kwa equator, ndipo nyengo yozizira, imene ndi nyengo ya ulenje, dzuwa limayenda chakumpoto. Yanu iziyang'ana kummwera. Mukailozetsa kum'mawa kapena kumadzulo, zithunzi za m'bandakucha ndi za madzulo zidzayera mbuu, pomwe imeneyo ndiye nthawi imene ngoma zimayenda.

Kumbuyo kwa bokosi yang'anani manambala awiri. Yoyamba ndi trigger speed, nthawi imene imadutsa kuchokera pamene sensa yamva kufika pamene chithunzi chajambulidwa. Pa mkwaso ndi pa waya funani ya pansi pa theka la sekondi, monga 0.2 kapena 0.3. Pomwera madzi kapena pa mchere wonyambita, pamene nyama imaima n'kumachedwa, ngakhale ya sekondi imodzi ikwanira, ndipo apa mukhoza kupulumutsa ndalama. Nambala yachiwiri, imene anthu ambiri saiyang'ana, ndi recovery time, nthawi imene kamera imapuma isanajambulenso. Kwa inu amene mukufuna ngoma zazimuna, imeneyi ndi yaikulu. Mu Epulo ndi Meyi, nthawi yokwerana, yaimuna imatsatira gulu la zazikazi, ndipo kawirikawiri imabwera pambuyo, mosamala, itayamba yaima m'mithunzi kumvetsera. Kamera ikajambula yaikazi yotsogola n'kupuma masekondi 30, mwini nyanga amadutsa kamera ili m'tulo, inu n'kukauza bwana kuti kuno kuli zazikazi zokhazokha. Funani yotha kujambulanso pasanathe masekondi awiri, ndipo muitchere kuti izijambula zithunzi zitatu zotsatizana ikadzuka. Pa zitatuzo, chimodzi chimapeza mutu utatembenuka bwino moti n'kuwerenga mapindidwe a nyanga.

Palinso mtunda umene sensa imamva ndi mtunda umene kuwala kwa usiku kumafika. Iwiriyi izikhala yofanana kapena kuyandikana. Sensa ikamamva mamita 25 kuwala n'kumathera pa 15, mudzakhala ndi zithunzi zambiri zamdima zokhala ndi timaso tiwiri towala patali. Ndipo manambala a mtunda a pabokosi amayezedwa pamalo abwino, m'tchire muzichotserako ndithu.

Kamera yabwino imadziwika usiku. Masana pafupifupi iliyonse imajambula zooneka. Nguluwe zimayenda usiku, ngoma zazimuna zikuluzikulu nazonso zikamva mfuti kangapo zimayamba kumwa madzi kutada, ndiye theka la ntchito yanu lichitika mumdima. Kuwala kulipo kwa mitundu itatu. Koyera, ngati fulashi ya kamera wamba, kumapereka zithunzi zamtundu, ndipo ofufuza amakukonda pozindikira nyalugwe aliyense ndi mawanga ake, koma kumaonekera patali, ndiye pa ntchito yanu kusiyeni. Kwachiwiri amalemba low glow kapena 850nm: timababu timafiira pang'ono pojambula, chithunzi chimakhala chakuda ndi choyera koma chowala bwino, ndipo kuwalako kumafika patali. Kwachitatu amalemba no glow kapena 940nm: munthu saona kalikonse, koma kuwala kumakhala kofooka, mtunda umafupika, ndipo kamera imatsegula diso nthawi yotalikirapo kuti ipeze kuwala kokwanira. Zotsatira zake nyama yoyenda imatuluka yopakika, miyendo ndi nyanga zitasakanikirana.

Ine ndingagawe chonchi. M'katikati mwa famu, pomwera madzi ndi pamene mumathirira nguluwe chimanga, ikani za 850nm, chifukwa mukufuna kuona bwino msinkhu wa nyama, ndipo nyama zambiri zimazolowera kufiira kuja pakapita masiku. Kufupi ndi waya wa m'malire, msewu kapena geti, ikani za 940nm, chifukwa kumeneko amene angaone kamera ndi munthu wotchera misampha ya waya, ndipo akaiona imapita. Musanalipire, pemphani wogulitsa akuonetseni zithunzi za usiku za kamera imeneyo, za nyama ikuyenda osati itaima. Akakuonetsani za masana zokhazokha, fufuzani pa intaneti dzina ndi nambala ya kamerayo, anthu amene anaigula amaika zithunzi zawo.

Mabatire ndi amene amadya ndalama mwakachetechete. Makamera ambiri amalowa mabatire a AA, 6, 8 kapena 12. Otchipa a alkaline mphamvu yake imatsika pang'onopang'ono kuyambira tsiku loyamba, ndiye kuwala kwa usiku kumafookeratu kamera isanazime, komanso pakatentha amatha kutuluka madzi n'kudya timawaya ta m'kati. A lithium, monga Energizer Ultimate Lithium, ndi odula koma mphamvu yake imakhazikika mpaka kumapeto, sasamala kuzizira kapena kutentha, ndipo pa zithunzi zokha amatha miyezi. Otchaja a NiMH, monga Eneloop, amapereka mavoti 1.2 m'malo mwa 1.5, ndipo makamera ena amawaona ngati otha ngakhale mutangowachotsa pa chaja. Onani m'kabuku ka kamerayo ngati imawalola. Musasakanize akale ndi atsopano, kapena a mitundu iwiri. Kwanuko dzuwa si losowa, ndiye pamalo amene kamera izikhala chaka chonse, monga pa mjigo wothirira madzi nyama, kasola kakang'ono kokhala ndi batire yake m'kati kamabweza ndalama zake. Onetsetsani kuti kamera ili ndi pobayira moto wakunja ndiponso kuti mavoti akugwirizana, poti ena ndi a 6, ena a 12. Chingwe cha sola muchilowetse m'paipi kapena muchikulunge ndi waya, anyani ndi agologolo sachisiya. Vidiyo ya usiku imamaliza batire msanga kwambiri. Muiyatse pokhapokha pali nyama imodzi imene mukufuna kuiyang'anitsitsa.

Memori khadi ya 32GB ya kampani yodziwika ikwanira, ndipo makamera akale ena sawerenga yoposa pamenepo. Kamera iliyonse ikhale ndi makhadi ake awiri olembedwa nambala, kuti mukafika muzingosinthanitsa n'kuchoka, zithunzi mukaonere kunyumba. Khadi muziifufutira m'kamera momwemo ndi format, osati kuchotsa zithunzi chimodzichimodzi pafoni, chifukwa pamenepo ndi pamene makhadi amayambira kukana.

Tsopano otumiza zithunzi pafoni aja. Ubwino wake ndi woonekeratu: simupita pafupipafupi kukasiya fungo lanu pomwera madzi, mumapulumutsa dizilo, ndipo munthu wachilendo akadutsa mumadziwa usiku womwewo. Koma kamerayo ndi foni, ndipo popanda netiweki imasanduka kamera wamba yodula yodya batire, poti imakhalira kufunafuna siginolo. M'mafamu a dera lanu netiweki imagwira pamtunda n'kusowa m'zigwa ndi m'mphepete mwa mitsinje, komwe ndi kumene nyama zimakonda. Pitani pa mtengo weniweniwo ndi foni ya Vodacom ndi ya MTN, muiike pamsinkhu umene kamera ikakhale, muyese kutumiza chithunzi pa WhatsApp. Chikapita mosavuta, kameranso itumiza. Chikamazungulira, ganizirani ya mlongoti wochotseka kuti muikepo wautali, apo ayi malo amenewo ikanipo kamera wamba. Funsani wogulitsa zinthu zitatu: ngati ndi ya 4G, poti 2G ndi 3G zikupita kotsekedwa ku South Africa, ngati imalowa simu khadi yanuyanu kapena ili ndi yake yolipira mwezi ndi mwezi ku kampani yopanga, ndiponso ngati inapangidwira msika wa kuno. Makamera ena ogulitsidwa ku America anamangidwa ku netiweki ya AT&T kapena Verizon, ndipo mlendo wa bwana akakubweretserani ngati mphatso akhoza kukana kulumikiza. Simu khadi ilembetsedwe RICA, kalembera wa masimu khadi wa ku South Africa, m'dzina la famu, osati lanu. Kampani ya Cuddeback ili ndi njira ina yotchedwa CuddeLink, imene makamera amapatsirana zithunzi mpaka kufika pa imodzi yokhala pamalo ogwira netiweki, koma mapiri ndi tchire lowirira zimafupikitsa mtunda wake.

Ndalama zikakhala zochepa, ndingasankhe makamera wamba anayi kapena asanu apakatikati ndi imodzi yotumiza pafoni, kusiyana ndi awiri odula. Famu ya mahekitala masauzande singaoneke ndi maso awiri. Reconyx, yopangidwa ku Wisconsin ku America, ndi yolimba ndipo ofufuza amaidalira, koma mtengo wa imodzi mungagulire zingapo za Browning, Bushnell kapena Spypoint zimene pa ntchito yanu zikwanira. Zotchipitsitsa zopanda dzina za pa intaneti zimajambula bwino masana sabata yoyamba, vuto lake limadzaonekera usiku ndi mvula ikagwa. Gulani kwa wogulitsa wa mu South Africa momwemo amene amapereka waranti, ndipo ngati n'kotheka onse akhale a mtundu umodzi kuti mabatani, zingwe ndi mabokosi zizigwirizana.

Pa ndalama zomwezo muwerengeretu mabokosi achitsulo. Fisi amatafuna kamera, ndipo mano ake amaswa pulasitiki mosavuta. Nyani amatsegula chitseko, kutembenuza kamera kuti iyang'ane kumwamba, n'kukusiyirani zithunzi 200 za mphuno yake. Ngati pafamu pamadutsa njovu zochokera ku Botswana kapena Zimbabwe, zimazula ndi mtengo womwe. Lamba wa nsalu wobwera ndi kamera sateteza chilichonse mwa zimenezi, ndiye pezani bokosi lachitsulo lopangidwira kamera imeneyo, lomangidwa ndi mabawuti kapena chingwe chachitsulo chokhoma. Sambani m'manja musanagwire kamera ngati mwagwira nyama, biltong (nyama youmika) kapena nyambo, poti fungo limenelo ndi limene limaitana fisi ndi chiuli. Nyerere zimalowera pa timabowo ta maikolofoni ndi pobayira moto, tsekani pamene simukugwiritsa ntchito. Ndipo mu Ogasiti ndi Seputembala, udzu ukauma, kumbukirani kuti moto wolusa umasungunula kamera ngakhale ili m'bokosi, choncho lambulani mozungulira mtengo.

Mukagula, musathamangire nayo kutchire. Imangeni pamtengo pabwalo, tcherani tsiku ndi nthawi molondola, kenako yendani chopingasa pa mamita 5, 10, 15 ndi 20, masana kamodzi, usiku kamodzi, mutanyamula pepala lolembedwa mtundawo. Yendaninso mothamanga. Mukatsegula khadi mudzadziwa pamene kamera yanu imalekezera kumva, pamene kuwala kwake kumathera, ndi ngati imakugwirani pakati pa chithunzi kapena mukutuluka. Ikalephera apa, ibwezeni risiti ikadali m'thumba. Tsiku ndi nthawi zija muziziyang'ananso mukasintha mabatire, chifukwa makamera ena amabwerera ku deti ya ku fakitale, ndipo chithunzi cha ngoma chopanda nthawi yolondola sichithandiza mlenje.

Potchera, ya ngoma ndi nswala ikhale pafupifupi mita imodzi kuchoka pansi, ya njiri ndi nguluwe m'mawondo, ndipo italikire mamita 5 mpaka 8 kuchoka pamene nyama ikaime. Mukaiyandikiza kwambiri, kuwala kwa usiku kumayeretsa nyama yonse ndipo nyanga zimadulidwa pamwamba. Mtengo ukhale wonenepa wosagwedezeka ndi mphepo. Amene anatcherapo mbewa kumudzi amadziwa kuti msampha wabwino pa mkwaso wakufa sugwira kanthu, ndiye yambani mwawerenga mapazi, ndowe zatsopano ndi nthambi zobudulidwa, kamera ibwere pambuyo kudzatsimikiza. Pa dziwe lalikulu loti sensa singafike tsidya lina, gwiritsani ntchito time lapse, kamera izijambula yokha mphindi zisanu zilizonse kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo mudzaona mbali imene nyama zimatulukira. Pokasintha makhadi pitani masana dzuwa lili pamutu, pagalimoto imene nyama zinaizolowera, ndipo musapitirire kamodzi pa sabata. Zimene mwaona muzilemba m'kope: malo, tsiku, ola, nyama, kumene inachokera, ndi mphepo ya tsikulo. Pakatha milungu itatu kapena inayi kopelo limayamba kuonetsa ndondomeko, monga yakuti njiri zimafika dzuwa litakwera pomwe ngoma yaikulu ija imangobwera kukada mwezi ukakhala wowala.

Alenje ena obwera kuchokera ku America adzakufunsani mmene mumagwiritsira ntchito zithunzizi, chifukwa kwawo nkhaniyi inavuta. Boma la Arizona linaletsa kugwiritsa ntchito makamerawa posaka kuyambira pa 1 Januwale 2022, mwa zina chifukwa makamera ankachulukana pomwera madzi m'chipululu, eni ake n'kumasokoneza nyama pokawayendera. Bungwe la Boone and Crockett Club, limene limasunga kaundula wa nyanga zikuluzikulu ku North America, silivomereza nyama imene mlenje wathamangira kukaiwombera chifukwa kamera yangomutumizira chithunzi. Kwa ine malire ali pomwepo: kamera ikuuzeni kuti pafamu pali ngoma zazimuna zingati, yokalamba ndi iti, yoti isiyidwe ibereke ndi iti. Kuliza foni ya mlenje kuti nyama yafika pamadzi tsopano lino ndi chinthu china, ndipo bwana ndi mlenje wamkulu wa pafamu agwirizane za zimenezi alendo asanafike. Kuoneka kwa nyama pa kamera sikutanthauzanso kuti ndi yololedwa. Ulenje wa m'chigawo chanu umayendera lamulo la Limpopo Environmental Management Act la 2003 ndi ziphaso za famuyo, kusaka usiku kuli ndi malamulo ake, ndipo nyalugwe ali m'gulu la nyama zotetezedwa zofuna chilolezo chapadera.

Zithunzi zina zisatuluke m'foni yanu. Kamera ikajambula chipembere, ngaka kapena njovu ya minyanga italiitali, musaziike pa Facebook kapena pa sitetasi ya WhatsApp, ngakhale kutumizira abale kumudzi. Pansi pa chithunzi pamalembedwa tsiku, ola ndi dzina la kamera, makamera ena amasungamo ndi GPS, ndipo phiri kapena mlambe wooneka kumbuyo ndi wokwanira kuti wodziwa deralo azindikire malo. Ikajambula munthu wonyamula waya kapena mfuti, musamutsatire nokha ndipo musaonetse anzanu ogwira nawo ntchito. Khadi imeneyo muichotse, musafufute kalikonse, muipereke m'manja mwa bwana kuti apite nayo kupolisi, ndipo kamerayo muisamutse tsiku lomwelo.